Makomo awiri a aSakala

Agogo aSakala tinawaika m'manda Loweruka lapitali. Bokosi linatulukira khomo lalikulu la chalichi, ndipo onyamula anazungulira nalo pakona kuti akafike pamene inaima lole, pa msewu wa kumsika. Pozungulira paja nyimbo inazilala yokha. Palibe anauza anthu kuti atsitse mawu, koma aliyense amene wakhalitsa muno m'komboni ya Makululu anaona kuti nkhalambayo tikuidutsitsa njira yomwe iyo inatha zaka zambiri ikutithandiza kuizemba.

Ine si m'bale wawo. Ndine mai wa ana awiri, ndipo ndinawadziwa monga anawadziwira mkazi aliyense wosenza katundu m'komboni muno. Pa maliro analankhula anthu ambiri. Ananena za ntchito yawo ya kunjanji, za ukulu wawo mumpingo, za kwawo ku Katete kumene sanabwerereko. Za khomo laling'ono palibe anatchula, ndiye ndati ndilembe ndine, chifukwa nkhani ya khomolo ili ndi dzina la mwana wanga mkati.

Anali munthu wamtali, wouma thupi, wosamva bwino khutu lamanzere chifukwa cha phokoso la sitima. Jasi lawo lakuda la kunjanji sankalivula ngakhale m'mwezi wa Okutobala, pamene malata amalira ndi kutentha. Kunjanjiko ntchito yawo inali yosintha njira za sitima: kuima pamene njanji ziwiri zakumana, nkukoka chitsulo kuti iyi ipitirire ulendo, iyo ilowe m'yadi. Atapuma ntchito mpingo unawapatsa makiyi a chalichi, poganiza kuti ndi kantchito kotsegula Lamlungu m'mawa ndi kutseka masana. Iwo anaitenga ngati shifiti. Tsiku lililonse dzuwa likamatuluka anali atafika kale, akuwaza madzi pansi kuti fumbi ligone.

Sindinama kuti anali wofewa. Mwana akaseka m'chalichi ankamuloza ndi chala osaleka kuimba. Kuimba kwakenso, chifukwa cha khutu lija, ankatsogola mzere wathunthu patsogolo pa tonse, ndipo tikawapeza ankatiyang'ana ngati ochedwa ndife. Pemphero lawo linkatalika mpaka makanda kugona ndi kudzukanso. Fodya wa mphuno ankamusunga m'kabotolo ka mankhwala, ndipo abusa akawapezerera ankayetsemula dala nkudandaula za chimfine. Chidakwa chikaima pakhoma la chalichi kutaya madzi, iwo sankakalipa. Ankadikira mwaulemu mpaka munthuyo amalize, kenaka nkumupatsa chitini cha madzi ndi tsache.

"Mwamaliza, bwana? Zikomo. Nali tsache."

Akazi awo, aNabanda, ankanena poyera kuti anakwatiwa pamitala osadziwa. "Mkazi wamkulu ndi chalichi," ankatero. "Ine ndine wophika chabe. Mukawaona muwauze kuti kunyumba kulinso chitseko, ndipo chikugwa."

Nkhani ya malo a chalichi ndinaimva kwa aNabanda omwewo, chifukwa inachitika ine ndisanabwere ku Kabwe. Dziko litangolandira ufulu, anthu ankabwera muno ambirimbiri, nyumba zikumera paliponse. A mpingo wathu, anthu a kum'mawa okhaokha, anatopa ndi kupempherera m'nyumba za anthu, ndipo anapita kwa tcheyamani wa dera kukapempha malo. Malo nthawi imeneyo ankagawidwa pakamwa, tcheyamani akuloza ndi ndodo. Anawaonetsa awiri. Ena anali mkati mwa mzere wa nyumba, abata, pali mtengo wa mango. Ena anali pakona, pamene msewu wathu umakumana ndi msewu wa kumsika, malo amene aliyense anali atawakana chifukwa cha fumbi la mbali ziwiri, malole odula kona, ndi anthu ochokera kumowa.

Amene anakana kwambiri pakona anali aTembo, mmisiri womanga nyumba, mnzawo wa aSakala kuyambira kumudzi. Awiriwa anakwera lole imodzi pobwera ku tauni, ndipo aNabanda amati mkangano wawo unayambira pa loleyo, pa nkhani ya amene akhale pa thumba la chimanga.

"Mukufuna Mulungu azikhala pa fumbi?" anafunsa aTembo.

"Nanga ife tikukhala pati?" anayankha aSakala.

Zifukwa zawo ankazibwereza kwa aliyense wowafunsa, ndipo inenso ndinazimva kangapo. Ankati pa ntchito yawo anaona matauni onse a m'mbali mwa njanji, ndipo machalichi ambiri anawapeza pakona, koma palibe anawauza chifukwa chake, mpaka anachita kudziganizira okha. Choyamba, komboni ilibe manambala. Munthu wotsika basi kuchokera kumudzi, wongodziwa dzina la amalume ake, sungamuuze kuti awerenge nyumba. Umangomuuza kuti akafike pakona, akapeza anthu a kwawo. Chachiwiri, nyumba ya pakati pa mzere imakhala ya anthu a mzere umenewo. Msewu wathu unali wa anthu a kum'mawa, pamene wa kumsika munadzaza Abemba ndi Alenje. Pakona palibe mwini wake, ndiye palibe anganene kuti icho ndi chalichi cha aja. Chifukwa chachitatu ankachinena motsitsa mawu. Ankati munthu wamanyazi, amene anadulidwa mumpingo kapena amene sanapondemo zaka zambiri, sangayende msewu wonse anthu akumuona kuti akulunjika ku chalichi. Koma pakona aliyense amachepetsa liwiro, ndipo oyang'ana sadziwa ngati akhota kapena alowa. Mwiniwakenso nthawi zina sadziwa mpaka atalowa.

Anapambana aSakala. Kenaka anayambitsa mkangano wina, woti makomo akhale awiri. ATembo anati khoma la zidina silifuna mabowo ambiri, lidzang'ambika. ASakala anati nyumba yoyang'ana misewu iwiri nkumapatsa moni umodzi wokha ndi yamwano. ATembo anamanga akung'ung'udza: khomo lalikulu kuyang'ana msewu wathu, laling'ono kuyang'ana msewu wa kumsika. Khomalo silinang'ambike, ndipo aTembo ankati ndi chifukwa cha luso lawo, osati nzeru za aSakala.

Palibe ankadziwa nthawi imeneyo kuti makomowo adzagwira ntchito yanji. Makhadi a chipani atayamba kuvuta, anyamata a chipani anaika benchi lawo pakona penipeni. Wopita kumsika kapena kokwerera basi ankayenera kuonetsa khadi la chaka chimenecho. Wopanda khadi ankabwezedwa, kapena kukhazikidwa padzuwa mpaka anyamatawo atakhuta kumuseka. Tomato amafota, nsomba zimanunkha, mzere wa ufa kusitolo sudikira munthu. Sindikudziwa mai amene anayamba, koma pofika ine m'komboni muno njira inali yodziwika kale. Umalowa khomo lalikulu usanafike pa benchi la anyamata, nkutulukira khomo laling'ono utawadutsa.

Anyamatawo ankaona zonse, sanali akhungu. Koma kugwira munthu wotuluka kopemphera kunkawalemera, ndipo amai awo enieni ankadutsa momwemo. Chimene chinasunga njirayo zaka zonsezo ndi lamulo la aSakala. Katundu wa pamutu salowa m'nyumba ya Mulungu ali pamutu. Iwo ankakutula pakhomo lalikulu, nkunyamula beseni kapena thumba lako m'manja mpaka ku khomo linalo. Iwe unkayenera kukhala pa benchi ndi kupemphera. Lifupike bwanji pempherolo, koma likhale pemphero. Ukatha, ankakusenzetsa nkukutsanzika. Amuna ankawaseka kuti nkhalamba yonseyo yasanduka wosenzetsa akazi, iwo osalabadira.

Tsiku lina mai wina wogulitsa makala, wa msewu winawo, anayesa kukana, akuwatcha bashikulu, ndiye kuti agogo m'Chibemba.

"Bashikulu, ine si wa chalichi chino."

"Benchi silifunsa zimenezo, mama. Khalani."

"Nanga ndipemphere chiyani?"

"Mulibe ana? Mulibe amuna ovuta? Yambani ndi amenewo, muona nthawi ichepa."

Ife tinkaona ngati ndi kuumirira kwa ukalamba, ndipo ena ankangotsinzina nkumawerengera m'mutima mitengo ya kumsika. Koma aSakala ankafuna kuti mnyamata wa chipani akawafunsa kuti uyu wadzatani muno, ayankhe kuti wadzapemphera, ndipo chikhale choona. Bodza sankalitha. Sikuti ankadzitama nazo, linkangowakanika, ngati mmene ena kumawakanikira kuimba.

Tsopano za tsiku lija. M'Makululu palibe amene sazidziwa, ndiye sindikuulula chinsinsi. Mwana wanga woyamba, Esinati, anali asanayambe kuyenda. Anadzuka thupi likutentha, ndipo dzuwa litakwera pang'ono anayamba kugwedezeka, maso atatembenuka. Bambo ake anali kuntchito. Khadi langa linali la chaka chatha. Ndinamubereka nkuthamangira kokwerera basi ya kuchipatala, ndipo nditaona anyamata aja pa benchi lawo atazungulira bambo wina, miyendo inandilowetsa yokha khomo lalikulu.

M'katimo munali amai angapo atakhala pa mabenchi, mabeseni awo atandandalikidwa ku khomo laling'ono. ASakala anabwera akutambasula dzanja kundilozera pokhala. Kenaka anaona mutu wa mwana mmene unalendewera pa chitenje.

"Pitani," anatero. "Thamangani, mama. Kupemphera ndipemphera ndine."

Ndinadutsa osaima. Zotsatirazi ndinachita kumva kwa amai amene anali momwemo. Mkulu wa anyamatawo, wina wovala magalasi akuda ngakhale kuli mitambo, anandiona ndikulowa ndi kutuluka nthawi yomweyo. Sananditsatire. Anapita pakhomo lalikulu, navula chipewa mwaulemu wonyoza.

"Bashikulu, uja mukazi wapita manje manje. Wapemphera?"

"Wapemphera, tamuona tonse," anafulumira kuyankha mai wa makala uja.

"Sinifunsa imwe. Nifunsa bashikulu. Aba sanama, tonse tiziba."

Amaiwo amati aliyense m'chalichimo ankawapempha aSakala ndi maso kuti angovomera. ASakala anayang'ana pansi, nayang'ana mnyamatayo.

"Iyayi. Sanapemphere. Ndamuuza ndine kuti apite."

"Manje ichi ni chalichi, olo ni njira?"

"Lero inali njira."

Mnyamatayo anavala chipewa chake, nati zikomo, nabwerera pa benchi lake akumwetulira.

Ine ndinakhala m'chipatala ndi mwana masiku angapo. Potuluka ndinapeza nkhani itafika kale kwa tcheyamani. Anaitana akulu a mpingo nkuwakumbutsa kuti malowo anapatsidwa pakamwa, ndipo pakamwa pomwepo angathe kulandidwa. Anati mkulu wawo wavomera yekha, anthu akumva, kuti nyumbayo ndi njira ya othawa makhadi. Asankhe: atseke khomo laling'ono ndi kumulanda makiyi munthu ameneyo, kapena akapemphere kwina.

Pa msonkhano wa akulu ife amai sitilowa, koma mazenera a chalichi chathu alibe magalasi. Amene anali pafupi anamva aTembo akulankhula mokweza.

"Liwu limodzi chabe, aSakala! Mukanangoti inde. Mulungu akanakuimbani mlandu chifukwa cha inde mmodzi?"

ASakala anayankha kuti akanati inde tsiku limenelo, ndiye kuti onse amene anawakhazika pa benchi zaka zonsezo anawavutitsa chabe, popeza bodza likanagwira ntchito yomweyo mosataya nthawi ya anthu. Anatinso akanaumiriza mai uja kukhala pansi mwana akufa kumsana, kukanakhala bwino kuti nyumbayo isamangidwe nkomwe. Anatulutsa makiyi m'thumba la jasi, nawaika patebulo asanawapemphe.

Sindingawatukwane akulu aja. Anali ndi mpingo wonse woti auganizire, ndipo ndikanakhala pa mpando wawo mwina ndikanatero inenso. Wotseka khomolo ndi zidina anali aTembo, popeza mmisiri ndi iwo. Anabwera okha, osafuna wowathandiza, ndipo aNabanda amati tsiku limenelo akazi a aTembo anabweza nshima yosakhudzidwa.

Kuyambira pamenepo amai opanda makhadi anayamba kubwezedwa pakona. Ena anayamba kuzungulira kutali, kudzera kumadambo, kufika kumsika ogula atapita. Palibe anandinena pamaso. Pa mpopi ankandipatsa moni bwinobwino, nkufunsa za mwana, ndipo funso limenelo ndi limene linkandipweteka. Mai wa makala uja anasiya malonda ake mvula isanagwe. Sananene kuti ndi chifukwa cha ine, ndipo mwina si chifukwa cha ine.

ASakala sanasiye mpingo, sanadandaulenso kwa munthu. Lamlungu ankabwera nkukhala kumbuyo, akuimbabe patsogolo pa tonse. Masiku ena onse ankafika m'mawa ngati kale, nkupeza khomo lalikulu lokhoma, chifukwa wolandira makiyi anali munthu wa ntchito, wotsegula Lamlungu lokha. Ndiye ankazungulira nkukakhala pa sitepe ya khomo lotsekedwalo, msana atatsamira zidina za aTembo, nkhope kuloza msewu wa kumsika. Fumbi la malole limene ankaligoneka ndi madzi tsopano linkawathera m'chifuwa.

Ine ndinagula khadi latsopano, komabe pakona ndinkadutsa tsidya linalo la msewu, nditaweramitsa mutu. Tsiku lina anandiitana mokweza, monga amachitira anthu osamva.

"Amake Esinati! Bwanji mukundizemba ngati ndine wa makhadi?"

Ndinaoloka nkugwada pambali pa sitepe. "Agogo, khomo lanu lija."

"Latani?"

"Latsekedwa chifukwa cha ine."

"Munanyamula chidina inu? Mwana ali bwanji?"

"Wachira, agogo. Wayamba kuyenda."

"Ndiye mukundiuza za zidina mmalo mobwera naye ndimuone? Anthu a masiku ano!"

Mawa lake ndinapita naye. Anamuimika pakati pa mawondo awo, namusiya kuti ayende kubwera kwa ine, kenaka nkundiuza kuti miyendo yake ndi yamatewe ngati ya bambo ake ndipo ndisayembekezere zambiri. Anaseka mpaka kutsokomola. Chifuwa chimenecho sichinawasiyenso.

Anandimasula ndi mawu, koma mtima sunamasuke. Chimene chimandivuta ndi ichi: ndikaganiza zobwerera ku tsiku lija, ndimaona kuti ndingadutsenso chimodzimodzi, osayang'ana benchi. Mwana wanga ali moyo, akuthamanga pabwalo pano ndikulemba, ndipo sindingamusinthanitse ndi khomo lililonse. Koma amene analipira si ine. Analipira ndi nkhalamba ya jasi lakuda ndi amai amene sindikuwadziwa onse maina.

ASakala atadwala mpaka kugona osadzukanso, aTembo ankapita tsiku lililonse kukakhala pambali pa mphasa yawo. ANabanda amati ankakanganabe, za mvula, za mtunda wochokera kumudzi kwawo kufika pa msewu waukulu, za amene anayamba kuona sitima. Za khomo sanakambepo. Pa nyumba ya maliro, nditagwada kupepesa, aNabanda anandigwira dzanja osalisiya msanga.

"Mwana wanga, leka nkhope imeneyo. Iwe analibe nawe mlandu. Mlandu anali nawo ndi ine, woti ndiwo ndimathira mchere wambiri. Zaka zonsezi, mchere, mchere. Lero ndani andiuze?"

Analira, inenso ndinalira, ndipo sindikudziwa ngati tinkalira chinthu chimodzi.

Dzulo ndinadutsa pakona popita kumsika. Sitepe ilipo, masitepe awiri a simenti okwera kupita kukhoma lopanda polowera. Pakati pake pali posalala pamene ankakhala, ndipo fumbi layamba kale kupakwirira. Wina wasiyapo makoko a nzimbe. Pamene panali khomo pakuonekabe bwino, chifukwa aTembo sanapakepo pulasitala, ndipo zidinazo anazimata ndi dothi lokha, ngakhale khoma lonse analimanga ndi simenti m'mizere. Mvula ya chaka chino yayamba kukokolola dothilo. Pamwamba patseguka kampata, ndipo ukaima pa sitepe nkusuzumira umaona mabenchi mumdima. ATembo amadutsa pamenepo m'mawa uliwonse ndi thumba lawo la zida paphewa. Amakaona kampatako, ndipo sanaimepo kuti akamate.